Luso pa Nthawi ya Mavuto: Mafunso ndi Mayankho

Loweruka masana timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale, anthu osapitirira khumi ndi awiri. Ena amalemba ndakatulo, mtsikana wina amasoka, anyamata awiri amaimba, mayi wina amaluka mikeka ndi madengu. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera mobwerezabwereza pa mikumano yathuyi, makamaka kuyambira 2020 pamene mavuto anayamba kutigwera motsatizana. Ndawayankha monga momwe ndimayankhira tikakhala pamodzi.

Kodi si kutaya nthawi kulemba ndakatulo kapena kujambula zithunzi pamene m'nyumba mulibe ufa?

Ufa uyambe. Ngati lero kwapezeka ganyu ndipo ana sanadye, pitani ku ganyu, kope lidikire. Sindinauzepo munthu kuti asiye kusaka ndiwo chifukwa cha nyimbo.

Koma takumbukirani agogo athu aakazi pa mtondo. Kusinja ndi ntchito yothyola msana, ndipo nthawi zambiri chimanga chimene ankasinjacho chinali chosakwana. Pa mtondo pomwepo ndi pamene pankabadwira nyimbo: ya bambo amene anapita ku Wenela osatumiza ngakhale kalata, ya apongozi olongolola, ya mkazi mnzake wa pa mitala, ya mwana amene anapita asanamere mano. Munsi ukamatsika mawu ankatsika nawo. Panalibe wowalipira, panalibenso wonena kuti akutaya nthawi. Nyimboyo inkapeputsa munsi, inkafikitsanso uthenga kwa munthu amene sakanatha kumuuza pamaso.

Zinthu zikavuta, pafupifupi chilichonse amagamula ndi ena: mtengo wa thumba la feteleza, tsiku lobwera mafuta, ola loyaka magetsi, ngakhale mvula. Munthu amayamba kudzimva ngati chitsa chokokoloka ndi madzi. Mukakhala pansi n'kusankha nokha liwu loyamba la ndakatulo, kapena mtundu wa ulusi wopeta pakhosi pa diresi, pamenepo pali kachigawo ka tsiku kamene mwalamula ndinu. Kwa ine phindu loyamba la luso lagona pamenepa, ndalama ndi kutchuka zisanabwere, ngakhale zitapanda kubwera n'komwe.

Bwanji ndidikire kaye kuti zinthu zikhazikike?

Tiyeni tiwerenge limodzi zaka zapitazi. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, misonkhano inaletsedwa, oimba ndi ochita zisudzo anakhala miyezi osakwera pa nsanja. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kolera n'kuti itayamba kale kufala. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mu Novembala 2023 kwacha inatsikanso ndi 44 peresenti. Pakati pa zonsezi, mizere ya mafuta.

Munthu amene ananena mu 2020 kuti adzayamba kuphunzira gitala zinthu zikadzakhazikika, lero akadali kudikira. Mnzake amene ankagunda zingwe mphindi makumi awiri patsiku, ngakhale mumdima, pano zala zinakhwima. Fodya ndi uyu ali pamphuno.

Ndilibe zipangizo, ndilibe ndalama zogulira. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kuwerenga zimene zilipo pakhomo panu. Tonse tinakula tikupanga galimoto za mawaya ndi mpira wa chikulunga, ndiye kupanga chinthu kuchokera ku zotayidwa si zachilendo kwa ife, tinangoiwala titakula. Babatoni, chida chachingwe chimodzi chija, amachipanga ndi mtengo, chikopa cha ng'ombe ndi waya. Anyamata awiri a Madalitso Band anakhala zaka akuimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni yodzipangira okha, gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo akhala akuyenda maiko a ku Ulaya ndi zida zomwezo.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ambiri mumaidziwa. Njala ya 2001 mpaka 2002 inamusiyitsa sukulu ya sekondale chifukwa makolo analibe fizi. Ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi fani ya thirakitala yotola pa malo otayira zitsulo. Koma pali mbali imene anthu amaidumpha akamasimba nkhaniyi, ndipo ndi imene ine ndimaikonda. Mnyamatayu ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko, n'kumabwereka mabuku a sayansi. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi ndi mizere yolozera mpaka kumvetsa. Analinso ndi anzake omuthandiza kugula tizipangizo tina. Makinawo anachokera mu laibulale ndi m'manja mwa anzake, pamodzi ndi khama lake.

Choncho funso lachiwiri mukatha kuwerenga za pakhomo ndi lakuti: pafupi nane pali chiyani chaulere? Nthambi za National Library Service zilipo m'mizinda ndi m'maboma angapo. Pali telala wa pa khonde la golosale amene angakuloleni kukhala pambali pake posinthana ndi kumusitira zovala. Pali kwaya ya kutchalitchi, imene yaphunzitsa oimba ambiri a dziko lino kugawa mawu popanda kulipira tambala. Pali agogo odziwa kuumba mbiya amene palibe mdzukulu wawafunsapo kumene amakumba dothi la mtapo. Wolemba ndiye ali ndi mwayi kuposa onse: kope limodzi ndi cholembera zimakwanira miyezi iwiri.

Ndiye kuti mavuto ndi amene amabala luso?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Njala imene inasiyitsa Kamkwamba sukulu inasiyitsanso ana ena zikwizikwi, ena mwa iwo anzeru ngati iye, ndipo sitidzawamva mayina. Mavuto amapha luso lambiri kuposa limene amatulutsa.

Taonani a Jack Mapanje, mlakatuli wa dziko lino. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College pamene anamangidwa mu Seputembala 1987, popanda kuwauza mlandu kapena kuwatengera ku khoti. Anakhala ku ndende ya Mikuyu kufupi ndi Zomba mpaka Meyi 1991. Kumeneko sankaloledwa kulemba momasuka, choncho ankapeka ndakatulo m'mutu n'kumazibwereza kuti zisathawe. Ena amasimba nkhaniyi ngati kuti ndende inawathandiza. Inawalanda zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri ya moyo wawo, ya ana awo, ya ntchito yawo, ndipo atatuluka anakakhala ku Britain. Ndakatulo ankalemba kale asanamangidwe. Chimene tingaphunzire kwa iwo n'chakuti munthu amene anazolowera ntchito yake amakhala ndi pogwira zonse zikamulandidwa. Chizolowezicho chimamangidwa masiku wamba ngati lero.

Ndikunena izi kuti pasakhale wodziimba mlandu. Ngati chaka chino mwavutika ndipo simunapange chilichonse, sindinu waulesi. Mwavutika basi.

Nthawi ndingaipeze kuti? Tsiku lonse limathera ku geni ndi ntchito za pakhomo.

Musafune tsiku lathunthu, silidzapezeka. Funani mphindi khumi ndi zisanu zimene zimabwera tsiku lililonse pa nthawi yofanana, n'kuzimangirira ku chinthu chimene mumachita kale. Mayi woluka wa m'gulu lathu amanyika mlaza m'madzi asanagone kuti ufewe, mmawa phala likamawira amaluka mizere ingapo. Mnyamata wina wa kabaza amasunga kakope m'thumba la jekete, ndipo amalemba pa siteji akamadikira makasitomala. Mizere ya pa chigayo, ya ku banki ndi ya mafuta imadya maola athu ambiri, koma mutu umakhala womasuka. Nyimbo yonse ingathe kupekedwa pamenepo.

Kwa amayi nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa nthawi yawo aliyense amaiona ngati yake. Bambo akakhala pansi ndi buku amati akuwerenga, mayi akakhala pansi ndi buku amati alibe chochita. Apa pamafunika kulankhulana m'banja mosabisa: "Bambo a ana, Lamlungu tikabwera ku tchalitchi, ola limodzi ndi langa." Zimavuta poyamba, koma ana amazolowera msanga kuposa akuluakulu.

Ndikakhala pansi palibe chimabwera. Mutu wadzaza nkhawa. Nditani?

Nkhawa imadya malo omwewo amene maganizo atsopano amamera. Munthu amene akuwerengera za lendi sangayembekezere kuti mawu okoma azingotsika ngati mvula. Masiku otere musadzikakamize kupeka chatsopano. Gwirani ntchito ya manja yokha: kukopera bwino ndakatulo yakale, kuyeserera nyimbo imene mumaidziwa kale, kusoka mpendero, kunola zipangizo, kujambula kapu imene ili patebulo monga momwe ilili. Manja akamayenda mutu umatsatira pang'onopang'ono. Njira ina imene imathandiza olemba ndi kulemba nkhawayo momwe ilili, mitengo ya zinthu, dzina la ngongole, mawu amene alandilodi ananena pakhomo. Pakapita miyezi mudzapeza kuti masamba amenewo ali ndi moyo kuposa zimene munkavutikira kuzikongoletsa.

Koma pali kusiyana pakati pa nkhawa ya masiku ovuta ndi matenda. Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposera apo simukugona bwino, chakudya sichikulowa, zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, mukudzipatula, kapena mwayamba kuganiza kuti kuli bwino mutangochoka pa dziko, ndakatulo si mankhwala okwanira. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani ku chipatala. M'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino oona za matenda a maganizo, kuli chipatala cha Zomba Mental, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Abambo makamaka, tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo chiphunzitso chimenechi chatiikitsa maliro ambiri. Chonde musafe nazo mumtima.

Ndinataya abale ndi katundu pa namondwe. Kodi ndi bwino kulemba kapena kuimba za zimenezo?

Funso ili linabwera miyezi ingapo Freddy atadutsa, kuchokera kwa mtsikana amene kwawo ndi m'munsi mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Namondweyu anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Pa manambala amenewa palibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Mayina, mawu amene munthu ankakonda kunena, mtundu wa chitenje chimene anavala tsiku lomaliza, zimenezi zimasungidwa ndi otsala okha. Ndiye inde, ndi bwino, ndipo ndi ntchito yofunika.

Chokhacho, musadzithamangitse. Ena amatha kulemba patangopita sabata, ena zimawatengera zaka, ena amangofuna kujambula maluwa ndi mbalame osakhudza nkhaniyo n'komwe, ndipo nawonso akulondola. Chilonda chimadziwa chokha nthawi yochichotsa nsalu. Mukayamba kulemba n'kuona kuti tulo tasowa ndipo zithunzi zikubwerera mwamphamvu, imani kaye, mulankhule ndi munthu.

Chinanso n'chakuti chisoni chanu ndi chanu, koma cha aneba ndi chawo. Musanaike pa Facebook nkhani ya mwana wa mnzanu amene anakokoloka, kapena chithunzi cha nyumba yawo yogumuka, pitani mukawapemphe. Akakana, sungani m'kope. Maliro ali ndi mwambo wake, ndipo luso silichotsa mwambowo.

Ndi bwino kugwira ndekha kapena kufuna anzanga?

Ntchito yeniyeni munthu amagwira yekha, koma kupirira kumachokera ku gulu. Mutu umodzi susenza denga.

Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College anayamba kukumana sabata iliyonse kuti aziwerengerana zolemba zawo. Nthawi imeneyo lamulo la 1968 linali litakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi zisudzo, ndipo liwu limodzi lolakwika likanatha kumuika munthu m'ndende. M'gulu limenelo munadutsa olemba ngati Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Steve Chimombo. Anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, kudzera mwa bilimankhwe, Napolo ndi nthano za makolo, monga momwe amayi a pa mtondo ankachitira. Analibe ndalama kapena osindikiza mabuku owadikirira. Anali ndi chipinda, tsiku lokhazikika ndi makutu a anzawo.

Ku ndende ya Zomba, yomangidwa m'ma 1930 kuti izisunga anthu mazana ochepa koma n'kumasunga oposa zikwi ziwiri, akaidi ndi ena mwa owalondera ankaimba limodzi. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, anabwera kudzajambula nyimbo zawo, ndipo chimbalecho chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba kwa oimba a m'dziko muno. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, malo amene kale anali ndende ya akaidi a ndale ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, mlakatuli wochokera ku Congo wotchedwa Menes la Plume anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Anthu amene malamulo sawalola kukhala kapena kugwira ntchito momasuka kunja kwa msasa anaitanira dziko lonse kwawo kudzaonera nyimbo, magule ndi ndakatulo. Ngati pali anthu odziwa kukhala osadziwa za mawa, ndi a ku Dzaleka.

Gulu lanu lisakhale lalikulu. Anthu anayi kapena asanu akwana. Sankhani tsiku limodzi losasinthasintha, aliyense azibwera ndi kanthu ngakhale kosatha. Ife tili ndi lamulo limodzi lokha: mwini ntchito amakhala chete mpaka onse atalankhula, ndipo wolankhula amayamba ndi kunena chimene wamva kapena waona, asananene chimene akanasintha. Pewani kusandutsa gululo komiti ya wapampando, mlembi ndi msungichuma musanapange chilichonse. Magulu ambiri amafera pa zisankho ndi pa ndalama za zopereka.

Makolo ndi achibale amati ndi zachibwana, ndikafune ntchito yeniyeni. Ndiwayankhe bwanji?

Musayambe ndi kukangana nawo. Mawu awo amachokera m'mantha, ndipo manthawo ali ndi chifukwa: aonapo oimba otchuka akumwalira ali osauka, anthu n'kumasonkherana za bokosi. Amafuna kuti inu musadzavutike.

Chimene chimawatsitsa mtima ndi kuona kuti udindo wanu sukugona. Mukalima mzere wanu, mukabweretsa kangachepe ka sopo, mukakhoza mayeso, ola lanu la gitala silikhalanso nkhani. Kenako apatseni gawo. Funsani agogo nthano imene ankakamba pamoto, muilembe, mudzawawerengere. Sokerani mayi anu bulauzi. Imbani pa chinkhoswe cha msuweni wanu. Bambo wina amene ankaletsa mwana wake kubwera ku gulu lathu anasintha tsiku limene mwanayo analakatula pa maliro a mbale wawo, anthu n'kumafunsana kuti kodi mwana ameneyu ndi wa ndani.

Kodi luso lingandidyetse?

Ena limawadyetsa, ambiri limangowathandizira. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi kusiyana ndi kusiya ntchito kapena sukulu chifukwa cha nyimbo imodzi imene anzanu aiyamikira. Maluso a manja monga kusoka, ukalipentala, kuwotcherera ndi kuluka amabweretsa ndalama msanga kuposa ndakatulo, ndipo maphunziro ake amapezeka kudzera ku TEVETA ndi m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Palibe cholakwika kukhala telala masana, mlakatuli usiku.

Mukayamba kugulitsa, werengerani zonse: nsalu, ulusi, zipi, thiransipoti yokagula, ndi maola anu. Ambiri amaiwala maolawo, ndiye amagwira ntchito mwezi wonse n'kupeza kuti angobweza mpamba. Popeza mitengo ikusintha pafupipafupi, ikani mtengo poyang'ana ndalama zimene mudzagulire zipangizo zina mawa, osati zimene munagulira mwezi watha. Wooda chinthu azipereka kaye theka.

Ngati mukufuna mpamba, banki m'khonde ndi yabwino kuposa katapila. Ndipo musakongole ndalama kuti mukajambulitse nyimbo ku situdiyo poyembekeza kuti ikatchuka mudzabweza. Ngongole ili ndi tsiku lake, kutchuka kulibe.

Oimba ndi olemba, lembetsani ntchito zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso limene lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Olemba alinso ndi Malawi Writers Union. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anajambulitsa nyimbo zitatu pa situdiyo ina pongogwirizana pakamwa. Patapita miyezi anamva imodzi ikuimbidwa ndi munthu wina, ndipo analibe pepala lililonse losonyeza kuti ndi yake. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinaona mmene anaivutikira nyimboyo. Mgwirizano uliwonse, ngakhale ndi mnzanu wa pamtima, ulembedwe ndipo pakhale mboni.

Foni ndi intaneti zimathandiza kapena zimasokoneza?

Zonse ziwiri. Pa YouTube mungaphunzire kudula kolala ya shati, kugwira makodi a gitala, kusakaniza penti. Popeza bandulo ndi yodula, lowani mukudziwa chimene mukufuna, koperani phunziro limodzi, tulukani, muliyeserere sabata yonse musanakopere lina. Foni yomweyo ndi chojambulira mawu: nyimbo ikabwera muli panjira, ing'ung'uzeni m'foni isanathawe. Zolemba zanu muzidzitumizira pa imelo kapena kwa mnzanu pa WhatsApp, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo ndaonapo munthu akulira ndakatulo za zaka ziwiri zitapita ndi foni.

Kusokoneza kwake n'kwakuti mumaona zokolola za anzanu tsiku lililonse osaona kulima kwawo. Wina waika chithunzi ali pa nsanja, wina walandira mphoto, inu muli ndi kope lothimbirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; simudziwa ngongole ndi misozi zimene zili kuseri kwa chithunzicho. Musathamangirenso kuika pagulu chinthu chimene mwamaliza usiku womwewo. Chigonetseni masiku atatu, muwerengere anzanu a m'gulu, kenako dziko lichione.

Ndili ku Joni, ndimagwira ntchito maola ambiri ndipo ndili ndekha. Zimenezi zikundikhudza?

Kwambiri. Kuchokera nthawi ya Wenela ndi Theba, anthu a kwathu akhala akupita ku migodi ndi m'mapulazi a kum'mwera, ndipo ankabwerako ndi magitala, mabanjo ndi kaimbidwe katsopano. Nyimbo za kwela zimene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatchuka nazo zinayenda njira yomweyo. Moyo umene mukukhala ku Johannesburg kapena ku Cape Town, chipinda chogona anthu asanu, mantha a mapepala, ndalama zotumiza kumudzi, foni yolira usiku kuti kwagwa zovuta, ndi nkhani imene yalembedwa pang'ono kwambiri m'Chichewa. Ilembeni m'chinenero chanu, ngakhale mizere isanu pa tsiku lopuma. Zimathandizanso kuti lilime lisaume.

Ndakula, zaka zapita. Sindinachedwe?

A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930 ndipo aimba ndi gitala yawo moyo wonse, nthawi zambiri m'malo ang'onoang'ono. Mu 2020, ali ndi zaka 90, anajambula nyimbo zawo zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo pasanapite nthawi mawu awo anamveka pa TikTok m'maiko amene sanafikeko. Sindikulonjeza kuti zidzakuchitikirani. Ndikungoti munthu wa zaka makumi asanu amene wayamba lero ali ndi chimene wachinyamata alibe: waona zambiri, ndipo sathamangira kuombedwa m'manja. Mayi woluka wa m'gulu lathu anaphunzira kulemba dzina lake ku sukulu ya kwacha ali kale ndi zidzukulu, pano amalemba yekha maoda a madengu m'kope.

Ndingadziwe bwanji kuti ndikupita patsogolo, pamene moyo wanga ukuoneka kuti uli pomwepo?

Pa nthawi ngati ino miyeso imene tinazolowera imanama. Munthu angagwire ntchito molimbika chaka chonse, kwacha n'kutsika, iye n'kupezeka ali ndi zochepa kuposa poyamba. Mukadziyeza ndi ndalama zokha mudzaganiza kuti mwabwerera m'mbuyo pamene vuto silinali lanu.

Lembani deti pa chilichonse chimene mwapanga ndipo musataye zakale, ngakhale zikuchititsani manyazi. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi ikani choyamba pambali pa chatsopano. Msoko wawongoka? Mzere wa ndakatulo wasiya kunena zinthu kawiri? Chala chikusintha makodi a gitala popanda kuyang'ana? Ngati zakale zayamba kukuonekerani zolakwika, ndiye kuti diso lanu lakula.

Pali kukula kwina kumene sikuoneka pa pepala. Mnzanu akakudzudzulani ntchito, kale munkakwiya sabata yonse, pano mumafunsa kuti pati penipeni. Kale munkasiya chinthu chikangovuta, pano mumachigoneka n'kubwereranso mawa. Mwayamba kumvetsera mmene amayi a pamsika amalankhulira, mmene dzuwa limagwera pa malata madzulo. Mwaphunzitsako mwana wa aneba chimene mumadziwa. Wina akapambana mumatha kumuyamikira mtima osawawa. Izi kutsika kwa ndalama sikuzikhudza, ndipo zimalowa m'banja, ku ntchito ndi m'mene mumakhalira ndi anthu.

Ndinayamba bwino koma ndinasiya miyezi yambiri yapitayo. Ndiyambirenso bwanji?

Pafupifupi aliyense wa m'gulu lathu anasowapo. Wina anadwazika mayi ake miyezi inayi ku chipatala, wina makina ake osokera anagulitsidwa kuti alipire fizi ya mng'ono wake, wina anangofooka osadziwa chifukwa. Akabwerera sitiwafunsa kuti munali kuti. Timangosuntha pa benchi kuti akhale.

Musayese kubweza miyezi yotayikayo pa sabata imodzi, ndipo musayambe ndi ntchito yaikulu imene munaisiya pakati, chifukwa imabwera ndi manyazi ake. Tengani kanthu kakang'ono kotheka kumaliza lero: ndime imodzi, kathumba ka foni kosoka pamanja, nyimbo yakale kuiimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zala zidzakhala zolimba masiku atatu kapena anayi oyamba, kenako zidzakumbuka. Uzani mnzanu mmodzi kuti Loweruka mudzamuonetsa chimene mwapanga, kuti pakhale wokudikirani. Mtsikana wa makina ogulitsidwa uja anayambiranso ndi singano ya pamanja ndi zidutswa za chitenje zimene telala wina ankataya. Anasoka tizikwama ta ndalama tisanu ndi kamodzi, anagulitsa tinayi pa geti la sukulu, ndipo tiwiri totsalato anabwera nato pansi pa mango kuti tione msoko wake.